Kuthamangitsa kompyuta yakale: kupulumutsa mpamba kapena kuwotcha makina?

Masabata awiri sukulu zisanatsekere, mashopu otaipa ndi kupulinta mumzinda wa Mzuzu sapuma. Aphunzitsi a m'sukulu zoyima pazokha amabwera ndi mayeso olemba pamanja, ophunzira a ku Mzuni ku Luwinga amafuna ntchito zawo zipulintidwe tsiku lisanathe, ndipo pakhomo sipalephera kukhala wina wofuna kalata yofunsira ntchito. Kufupi ndi msika waukulu, ku Zigwagwa, ku Chibavi ndi ku Mchengautuba, anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi nawo amakhala ndi mzere wawo. Ambiri mwa amalondawa amadalira chida chimodzi: kompyuta yapatebulo yapakaunjika, yomwe inagwira kale ntchito zaka zingapo mu ofesi ina kunja isanafike kuno. Ikayamba kuchedwa, kasitomala sadikira. Amangotuluka n'kulowa khomo lotsatira.

Kugula ina si nkhani yamasewera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe chilichonse cha kompyuta n'chochokera kunja, kaya chidzere ku Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe ku Karonga, kaya chichokere ku Joni. N'chifukwa chake mmisiri akanena kuti angathe "kuithamangitsa" kompyuta yomwe ilipoyo popanda kugula kalikonse, mwini shopu amatchera khutu. Njirayi pa Chingerezi amaitcha overclocking. Si matsenga, ndipo pali ntchito zina zomwe imathandizadi. Koma wamalonda asanapereke makina ake odyera, ayenera kudziwa ngati ntchito yake ili m'gulu limenelo, komanso chomwe angataye zikavuta.

Mkati mwa bokosi la kompyuta muli kachipangizo kophwatalala, kosaposa bokosi la machesi, kotchedwa purosesa. Ndi komwe kamawerengera chilichonse: chilembo chotaipidwa, chithunzi chotsegulidwa, filimu yosinthidwa kuti ioneke pafoni yaing'ono. Mawu akuti dual-core omwe ogulitsa amakonda kulemba pakapepala amatanthauza kuti m'kachipangizomo muli antchito awiri ogawana katundu. Nambala ya GHz imanena liwiro lomwe antchitowo akuponyera mapazi. Ikakhala 3.0 GHz ndiye kuti ndi masitepe mabiliyoni atatu pasekondi imodzi.

Mapurosesa a mitu iwiri a makompyuta apatebulo anayamba kugulitsidwa mu 2005, pomwe kampani ya Intel inatulutsa Pentium D ndipo ya AMD inatulutsa Athlon 64 X2. Mu Julayi 2006 kunabwera Core 2 Duo, ndipo mbumba yake ndi yomwe ikadagwirabe ntchito m'mashopu ambiri ang'onoang'ono. Pa m'badwo umenewu, liwiro limapezeka pochulukitsa manambala awiri. Yoyamba ndi liwiro la msewu wolumikiza purosesa ndi ziwalo zina, wotchedwa FSB. Yachiwiri ndi nambala yochulukitsira, yomwe kampani inaikhoma kuti isakwezedwe. Core 2 Duo E8400, yomwe inatuluka kumayambiriro kwa 2008, ili ndi 333 MHz kuchulukitsa ndi 9, zomwe zimapereka 3.0 GHz. Munthu akalowa mu BIOS, tsamba lomwe limatsegulidwa podina batani lina kompyuta ikamangoyaka, n'kukweza 333 uja kufika pa 400, purosesa yomweyo imayamba kuyenda pa 3.6 GHz. Palibe chogula, palibe chowotcherera.

Chomwe chinatchukitsa mchitidwewu ndi ma Pentium Dual-Core otsika mtengo. Pentium E2160 ya mu 2007 inkagulitsidwa ikuyenda pa 1.8 GHz, kutanthauza 200 kuchulukitsa ndi 9, koma inali yopangidwa ndi luso lomwelo la ma Core 2 Duo odula. Okonda magemu ku Ulaya ndi ku America ankaifikitsa pa 2.4 GHz mosavuta, ena mpaka 3.0 GHz. Kwa iwo kunali ngati kugula njinga yakapalasa n'kupeza kuti ili ndi injini. Nkhani zimenezi ndi zomwe amisiri achinyamata amaona pa YouTube, ndipo si zabodza. Kusiyana kwake n'kwakuti makina awo anali atsopano, okhala ndi mafani akuluakulu, m'zipinda zopanda fumbi, ndipo akapsa palibe banja lomwe linkagona ndi njala.

Makomo ambiri ndi okhoma kale

Chopinga choyamba n'chakuti makompyuta ambiri apakaunjika salola n'komwe. Ma Dell OptiPlex 755, 760 ndi 780, ma HP Compaq dc7800, dc7900 ndi 8000 Elite, ngakhalenso ma Lenovo ThinkCentre, anapangidwira mabanki, masukulu ndi maofesi a boma, komwe bwana safuna kalaliki azisewera ndi liwiro la makina. Munthu atha kudina F2 pa Dell kapena F10 pa HP n'kufufuza tsiku lonse, sangapeze polembapo 400. Makina omwe amalola ndi aja olumikiza pamanja, okhala ndi motherboard ya ASUS, Gigabyte kapena MSI, ndipo amenewo m'mashopu otaipa ndi owerengeka.

Amisiri ena amazemba chitseko chokhomachi pomata kachidutswa ka tepi kapena utoto wodutsa magetsi pa timadontho ta kunsi kwa purosesa, n'cholinga chonamiza bodi kuti ithamangitse msewu uja. Pa makina ena zimatheka. Koma pomwe purosesayo imakhala pali timano 775 toonda ngati tsitsi, ndipo kamodzi kokha kakapindika pozula ndi kubwezera, bodi yonse itha kukhala yokataya.

Pa makina atsopanopo nkhani ndi yachidule. Kuyambira mu 2011, Intel inakonza zoti mapurosesa okhala ndi chilembo K kumapeto kwa nambala yawo ndiwo azithamangitsidwa, ndiponso pa mabodi osankhika okha. Pentium G3258 ya mu 2014, yomwe inatulutsidwa pokumbukira zaka 20 za dzina la Pentium, ndi imodzi mwa ma dual-core ochepa omwe anasiyidwa osakhoma. Choncho mmisiri wolipiritsa overclocking pa OptiPlex ya Core i3 akugulitsa mphepo. Kawirikawiri chomwe wachita n'kuchotsa mapulogalamu osafunika omwe amadzuka limodzi ndi Windows. Imeneyo ndi ntchito yabwino ndithu, koma aitchule dzina lake ndipo mtengo ufanane nayo.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi iyi: kodi chikuchedwetsa ntchito ndi purosesa? Pachigayo, ngati anthu akuchedwa chifukwa woyeza chimanga ndi mmodzi, kuonjezera mphamvu ya injini sikufupikitsa mzere. Woika nyimbo m'mamemori khadi ali m'vuto lotere. Pakhadi lililonse pamakhala kanambala kozunguliridwa. Lokhala ndi 10 limalonjeza kulandira ma megabaiti osachepera 10 pasekondi, lokhala ndi 4 limalonjeza 4 okha. Nyimbo ndi mafilimu okwana 4 GB, pa liwiro la 10, zimatenga pafupifupi mphindi 7. Pa liwiro la 4 zimatenga pafupifupi mphindi 17. Nthawi yonseyo purosesa imangokhala ikuwodzera, kudikira khadi. Kaya ili pa 3.0 kaya pa 3.6 GHz, kasitomala ayimabe mphindi 17 zomwezo. Mabowo a USB 2.0 omwe ali pa makina akalewa nawonso ali ndi malire ake, pafupifupi ma megabaiti 30 pasekondi, ndipo kolowetsamo khadi kotchipa kamachepetsanso pamenepo.

Apa wamalonda angapindule kwambiri posamala komwe amaoda makhadi kusiyana ndi kusewera ndi BIOS. Makhadi achinyengo, olembedwa 32 GB pomwe mkati muli malo ochepa, ndi omwe amachedwa kwambiri ndiponso amaononga mafailo. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza khadi n'kuwerenganso kuti kaone ngati malowo alipodi. Kuyesa makhadi awiri kapena atatu pa oda iliyonse kumatenga nthawi, koma kumateteza dzina la shopu. Za chiphaso cha COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa nyimbo, ndi nkhani ya tsiku lina, koma nayonso ikhoza kutseka shopu mwachangu kuposa kompyuta yochedwa.

Wotaipa naye ali chimodzimodzi. Microsoft Word safuna mphamvu yambiri, ndipo liwiro lopulinta limalamulidwa ndi pulinta. Kompyuta yotenga mphindi zisanu kuti iyake, yomwe imauma munthu akatsegula mafailo atatu, nthawi zambiri ili ndi hadi disiki yokalamba, RAM ya 2 GB yokha, kapena mavairasi obwera ndi mafulashi a makasitomala, ngati ija imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Kudziwa cholakwa sikulira mmisiri. Pa Windows 10, kudina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kumatsegula Task Manager, ndipo pagawo la Performance pamaoneka CPU, Memory ndi Disk. Mwini shopu ayang'ane pamenepo panthawi yomwe makina akuchedwayo. Ngati Disk yakakamira pa 100 peresenti pomwe CPU ili pa 20, purosesa ilibe mlandu. Ngati Memory yadzaza, vuto ndi RAM. Pokhapokha CPU ikamakhala pa 100 kwa nthawi yaitali ndi pomwe nkhani yothamangitsa imayamba kumveka.

Omwe amaona CPU ili pa 100 ndi osintha mafilimu kuti alowe m'mafoni ang'onoang'ono pogwiritsa ntchito Format Factory, okonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, komanso a timasitudiyo tojambula makwaya. Kwa amenewa phindu limawerengeka. Kuchoka pa 3.0 kufika pa 3.6 GHz ndi kukwera kwa 20 peresenti, ndipo zonse zikayenda bwino ntchito ya mphindi 60 imatha m'mphindi 50. Wokonza vidiyo ya ukwati wa Loweruka, yemwe eni ake akuifuna Lolemba, mphindi khumi pa ola lililonse si zonyoza. Koma ndi mphindi khumi basi. Ola silisanduka theka.

Mtengo wa mphindi khumizo

Purosesa yothamanga imadya magetsi ambiri ndipo imatentha kwambiri. Ma Core 2 Duo ambiri apatebulo anawerengeredwa kutulutsa kutentha kwa mawati 65, ndipo fani ndi chitsulo choziziritsa zomwe anabwera nazo zinapangidwira mlingo umenewo. Liwiro likakwera ndi 20 peresenti, kutentha kumakweranso ndi 20 peresenti. Choopsa ndi mavolti. Purosesa ikayamba kugwedezeka pa liwiro latsopano, amisiri amaonjezera mavolti kuti ikhazikike, ndipo kutentha kumakwera ngati mavoltiwo awachulukitsa okhaokha. Kuonjezera 10 peresenti pa mavolti ndi 20 peresenti pa liwiro kumakweza kutentha ndi pafupifupi 45 peresenti, kuchoka pa mawati 65 kufika cha m'ma 94.

Mawati 30 oonjezerawo, makina akamagwira ntchito yolemetsa maola khumi patsiku kwa masiku 26, ndi pafupifupi mayunitsi asanu ndi atatu a ESCOM pamwezi. Amenewo okha sangagwetse bizinesi. Chogwetsa ndi msinkhu wa makinawo. Kompyuta ya mu 2008 yadutsa zaka 15. Kabokosi kogawa magetsi mkati mwake, komwe amisiri amati power supply, pa makina ang'onoang'ono a mu ofesi nthawi zina sikafika n'komwe mawati 250, ndipo katopa. Timigolo ta pabodi totchedwa ma capacitor timakalamba msanga tikamatenthedwa. Tina tikayang'anidwa bwino timapezeka titatupa kale pamutu. Kuuza makina otere kuti athamange kuli ngati kusenzetsa matumba awiri a makala wakabaza yemwe njinga yake ili ndi masipoku othyoka.

Ndipo kulephera kwake sikubwera ndi utsi nthawi zonse. Purosesa yopanikizidwa imayamba kuphonya masamu mwakachetechete. Filimu ikafika pa 90 peresenti kompyuta imazima n'kuyambiranso, ola lonse lapita. Kapena ntchito imatha bwinobwino, koma filimuyo ikaseweredwa imauma pakati. Kasitomala wa ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay amakazindikira zimenezi atafika kale kwawo. Sangalipire minibasi kubwerera kudzadandaula. Amangouza anzake kuti pashopu paja asapitepo, ndipo mwini shopu sadziwa n'komwe chomwe chachotsa anthu.

Nyengo ya Mzuzu nayo imanamiza. Mzindawu uli pamtunda wa Viphya, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi anthu amagwira ntchito atavala majuzi. Kompyuta yothamangitsidwa miyezi imeneyo imaoneka yabwinobwino. Mayeso enieni amabwera mu Okutobala ndi Novembala, masana, m'kashopu ka malata kopanda siling'i kapena m'kontena, fotokope ikutulutsa mpweya wotentha pambali, fumbi la mumsewu likulowa pakhomo. Makina omwe mu Julayi anali pa madigiri 65 atha kudutsa 75 popanda wina kuwakhudza.

Kenaka pali magetsi. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali kuti afike kumpoto, komwe kuli kamalo kakang'ono ka Wovwe ku Karonga. Amalonda sanaiwale zomwe zinachitika namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, kuthima kwa magetsi n'kukhala chakudya cha tsiku ndi tsiku mpaka mu 2023. Magetsi akamathima n'kubwera mwadzidzidzi, kapena shopu ikamayendera kajenereta kakang'ono, kapena mphenzi ikang'anima m'dzinja, choyamba kulandira nkhonya ndi power supply. Yomwe ikugwira kale ntchito pamalire ake ndi yomwe imafa msanga, ndipo nthawi zina imapita limodzi ndi hadi disiki. M'disikimo ndi momwe muli katundu weniweni wa shopu: nyimbo zosonkhanitsa zaka zisanu, mafomu, zikalata za makasitomala okhazikika. Bodi imagulidwa ina. Zimenezo sizigulidwa.

Liwiro lomwe lakwiririka m'fumbi

Chomwe eni makina ambiri sadziwa n'chakuti kompyuta yawo mwina sikufika n'komwe pa liwiro lolembedwa. Mapurosesa amenewa anapangidwa kuti akatentha mopyola muyeso azidzichedwetsa okha podziteteza. Ngati chitsulo choziziritsa chatsekeka ndi fumbi longa thonje, ndipo mafuta otuwa omwe amapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulocho, otchedwa thermal paste, anauma kalekale ngati dothi la m'chilimwe, makina amayamba bwino m'mawa n'kumalemera ntchito ikakula. Chizindikiro chake ndi fani yolira ngati ndege.

Mankhwala ake ndi otchipa. Kompyuta izimitsidwe n'kuzulidwa kukhoma, itulutsidwe panja, ipemereredwe ndi bulowa. Popemerera, fani igwiridwe ndi chala kuti isazungulire mopenga, chifukwa imatha kuonongeka. Chitsulo chija chichotsedwe, mafuta akale apukutidwe ndi kansalu konyowetsa sipiriti, ndipo atsopano adonthezedwe pakati, kadontho kofanana ndi njere ya mpunga wa Kilombero, osati kupaka ngati majarini pabuledi. Purosesa yeniyeniyo isazulidwe pamalo pake, palibe chifukwa. Kachubu kamodzi kamakwana makina angapo, choncho mashopu oyandikana atha kusonkherana. Bokosi lisamakhale pansi pomwe tsache limadutsa m'mawa uliwonse, ndipo kumbuyo kwake kusagunde khoma. Pulogalamu yaulere ya Core Temp kapena HWMonitor imaonetsa madigiri ntchitoyi isanachitike ndi itachitika, kuti mwini makina aone ndi maso ake chomwe walipira.

Kwa yemwe ali ndi bodi yolola, ntchito yake ndi ya mavidiyo, ndipo watsimikiza mtima kuyesa, pali dongosolo lomwe limachepetsa ngozi. Choyamba akopere zonse zofunika pa disiki ina, n'kuizula. Asayese kumapeto kwa mwezi kapena sabata ya mayeso. Lamulungu masana ndi nthawi yabwino. Mu BIOS, liwiro la PCI Express likhomedwe pa 100 MHz, chifukwa likakwera limodzi ndi FSB disiki imayamba kulemba zolakwika. RAM nayo imathamanga FSB ikakwera. Ya DDR2-800 imapirira FSB ya 400, koma ya DDR2-667 inapangidwira 333, ndipo nthawi zambiri ndi yomwe imayamba kugonja anthu n'kumanamizira purosesa.

FSB ikwezedwe pang'onopang'ono, 5 kapena 10 MHz nthawi imodzi, kenaka kompyuta iyatsidwe n'kuyesedwa. Mavolti asasiyidwe pa Auto, chifukwa mabodi ena amaonjezera okha mopyola muyeso. Alembedwe pamanja pa mlingo womwe purosesa inabwera nawo. Pa ma E8400 ndi ma E5200, malire omwe Intel inalemba ndi mavolti 1.3625, ndipo pa makina odyera palibe chifukwa chowayandikira. Nzeru yabwino n'kuima pomwe purosesa yayamba kupempha mavolti oonjezera. Pulogalamu ya Prime95 imasenzetsa purosesa katundu wolemera kwambiri. Iyende maola angapo dzuwa lili paliwombo, chitseko chili momwe chimakhalira masiku onse, ndipo madigiri asapitirire 70. Ikaonetsa cholakwika ngakhale chimodzi, liwiro libwezedwe. Ikadutsa, libwezedwebe pang'ono, kusiyira malo mwezi wa Okutobala. Kompyuta ikakana kuyaka, sikuti yafa. Kuzula chingwe kukhoma n'kuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 pabodi kwa mphindi zingapo kumabwezera BIOS mwakale.

Ngati ntchitoyi akugwira ndi mmisiri, agwirizane kaye pamaso pa mboni kuti makina akafa m'manja mwake atani. Mmisiri wokweza manambala kamodzi n'kamodzi, kuonetsa 3.6 GHz pasikirini, kulandira ndalama n'kunyamuka pasanathe mphindi makumi awiri, sanayese kalikonse. Wogulitsa yemwe anapereka masabata angapo oti makina akavuta abwezedwe nayenso ali ndi ufulu wokana akaona kuti BIOS inaseweretsedwa.

Ndalama yochepa yomwe ilipo ili ndi malo ena komwe ingagwire ntchito yooneka. Pa kompyuta yakale palibe chomwe chimasintha zinthu kuposa kuchotsa Windows pa hadi disiki yozungulira n'kuiika pa SSD, disiki yopanda chozungulira mkati. Ya 120 kapena 240 GB imakwana Windows ndi mapulogalamu, ndipo disiki yakale itha kutsala yosungira nyimbo. Makina oyaka m'mphindi zingapo amayamba kuyaka pasanathe mphindi imodzi, mafoda amatseguka nthawi yomweyo. Ubwino wina n'kuti kompyutayo ikadzafa, SSD imasamukira mu ina, ndalama sinatayike. Chachiwiri ndi RAM. Kuchoka pa 2 GB kufika pa 4 GB kumamveka tsiku lomwelo, koma wogula atenge kachidutswa kakale popita kumsika, chifukwa DDR2 ndi DDR3 sizilowana. OptiPlex 760 imalandira DDR2 pomwe 780 imalandira DDR3, ngakhale kunja zimaoneka ngati mapasa. Windows ya 32-bit siona RAM yonse ya 4 GB, choncho woonjezera kupitirira apo afunika ya 64-bit.

Wofunadi purosesa yamphamvu atha kungosintha. E8400 yapakaunjika, kapena Core 2 Quad ya mitu inayi, imalowa pamalo omwewo a timano 775, bola bodi ikhale yoilandira, ndipo ma Quad ambiri amatulutsa mawati 95 kapena kuposera, zomwe tibokosi ting'onoting'ono sitimapirira nthawi zonse. Kwa wa mavidiyo yemwe angathe kusunga ndalama miyezi ingapo, makina a Core i3 kapena i5 oyambira mu 2011 ali ndi chiwalo chapadera chotchedwa Quick Sync chosinthira mavidiyo, ndipo pa mapulogalamu ochigwiritsa ntchito chimadula nthawi kuposa momwe overclocking iliyonse ya Core 2 Duo ingachitire. Ena, monga OptiPlex 7010, ali ndi mabowo a USB 3.0 othamanga pokopera m'mafulashi ndi m'madisiki akunja. Ndipo kabokosi koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, kapena UPS yopatsa munthu mphindi zochepa zosungira ntchito magetsi akathima, n'kofunika kuposa zonsezi ngakhale sikathamangitsa kalikonse.

Pogula, nambala ya GHz isamunamize munthu. Pentium D ya 3.4 GHz ndi dual-core ndithu, wogulitsa sakunama, koma imachedwa kuposa Core 2 Duo ya 2.4 GHz ndipo imadya mawati 95 kapena kuposera, mpaka 130 pa mitundu ina. Ndi mbaula yokhala ndi sikirini. Core i3 ya 3.1 GHz nayo ili ndi mitu iwiri yokha koma imasiya kutali E8400. Chofunika ndi dzina lonse la purosesa, osati sitika ya pabokosi, yomwe aliyense atha kumata. Pulogalamu ya CPU-Z imakwana pafulashi, imatseguka m'masekondi ochepa, ndipo imaonetsa dzinalo, liwiro lomwe kampani inalemba ndi liwiro lomwe makina akuyendera panthawiyo. Lachiwirilo likaposa loyamba pa Core 2 Duo kapena Pentium Dual-Core, ndiye kuti wina anaithamangitsa kale kuti ikope wogula, ndipo mtengo uyenera kutsika, osati kukwera. Bokosi litsegulidwe pomwepo kuti timigolo ta pabodi tioneke.

Palinso tsiku lomwe eni ma Core 2 Duo ayenera kulidziwa. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi. Windows 11 simalandira mapurosesa amenewa, ndipo mtundu wake wa 24H2 sumayaka n'komwe pa Core 2 Duo chifukwa umafuna malangizo ena omwe purosesayo ilibe, kaya ithamangitsidwe motani. Kompyuta yongotaipira ndi kukoperapo nyimbo, yosalumikizidwa ku intaneti, itha kupitiriza ntchito zaka zina. Koma shopu yomwe imatsegulira makasitomala ma imelo, kuwatumizira mafomu a ntchito ndi a sukulu, kapena kulowa m'mabanki, ikusunga manambala achinsinsi a anthu pa makina omwe mipata yake sikutsekedwanso. Shopu yotere ipatule kompyuta imodzi yatsopanopo ya za intaneti zokha, kapena iyikemo Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda pa Core 2 Duo ya RAM ya 4 GB, yakaleyo itsale ya Word ndi pulinta.